Nthondo Anabwerera N'kukhala Mfumu, Nanga Mtsikana Abwerere Kuti?

Awa ndi mawu amene tinalankhula pa macheza athu a zowerenga ndi atsikana komanso aphunzitsi a mbali za Mitundu ndi Nathenje. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano, ndiye ndi awa. Dziwiranitu kuti mkatimu muli nkhani ya kugwiriridwa kwa mwana. Ngati ingakulemereni, werengani muli ndi mnzanu pafupi.

Achemwali, asisi, amayi athu a mother group, amadamu ndi asala amene mwatilemekeza pobwera, takulandirani nonse. Amene mwachokera ku Nathenje pepani ndi ulendo, tikudziwa kuti thiransipoti masiku ano si yocheza.

Lero tabwera ndi mabuku awiri. Limodzi ambiri a ife tinaliwerenga mokakamizidwa chifukwa cha mayeso. Linalo mwina simunalionepo, koma ena munaonera filimu yake. Onse awiri akukamba za mwana amene kwathu kuno timamutchula kuti wosamva, wolowerera. Funso lathu ndi lakuti mwana wotereyu akasochera amamubweza ndani, ndipo akafuna kubwerera, chitseko amachipeza chotsegula kodi?

Tiyambe ndi lakwathu, Nthondo. Amene munalemba Chichewa pa MSCE zaka zapitazi, dzina lokhali likukukumbutsani usiku wowerenga ndi tochi. Koma mwina simunaganizepo kuti bukuli ndi la konkuno. A Samuel Josiah Nthara, amene analilemba, anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Mukadutsa Nathenje pamsewu wa M1 n'kukhota pa Kamphata, ndiye kuti mwalunjika kumeneko. Bukuli linatuluka mu 1933 ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira, 1934, a Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndiye kuti zaka zoposa 90 zapitazo, mphunzitsi wa m'boma lathu lomwe lino anakhala pansi n'kulemba za mwana wovuta.

Ndipo Nthondo anali wovutadi. Wakuba, wosamvera akulu, wopweteketsa mutu abale ake. Atakula anapita kunja kukasaka ntchito monga ankachitira anyamata a nthawi imeneyo. Koma kumbukirani mathero ake. Anabwerera kumudzi, anthu anamulandira, mpaka anamulonga ufumu. Chiphunzitso cha amishoni chitamufika anasintha, n'kumwalira ali munthu wolemekezeka. A Nthara, pokhala mphunzitsi, ankakhulupirira kuti munthu sathera pa zimene anachita ali mwana. Ife pamenepa tikugwirizana nawo kwambiri.

Koma tiyeni tiyerekeze. Nthondo akanakhala mtsikana, timutche Nanthondo, bukuli likanatha chimodzimodzi? Mukuseka eti? Mukudziwa yankho. Mnyamata akaba nkhuku timati ndi chibwana, adzasiya. Akapereka mimba ena mpaka amati wakula. Mtsikana akatenga mimba yomweyo ali folomu 2 timati wadziononga. Tamvetsetsani mawu amenewa. Wadziononga, ngati kuti anali yekha, ngati kuti iye ndi mphika wadothi woti ukasweka basi, tikataye kudzala. Nthondo anapatsidwa moyo wake wonse kuti alakwe n'kukonza. Nanthondo timamupatsa miyezi 9.

Buku lachiwiri likukamba za mtsikana wotero. Dzina lake ndi Push, analemba ndi mayi wa ku America wotchedwa Sapphire, ndipo linatuluka mu 1996. Mayiyu anaphunzitsapo achinyamata ndi akuluakulu kuwerenga ku New York, ndiye ankadziwa zimene ankalemba. Mu 2009 anapanga filimu yake yotchedwa Precious, imene inapatsa Mo'Nique mphotho ya Oscar.

Nkhani ikuchitikira ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York, kuyambira mu 1987. Claireece Precious Jones ali ndi zaka 16 ndipo ali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba anabereka ali ndi zaka 12. Mimba zonse ziwiri mwini wake ndi bambo ake omubala. Mayi ake akudziwa, koma m'malo momuteteza amamumenya, kumutukwana kuti wawalanda mwamuna, n'kumamugwiritsa ntchito zonse za m'nyumba ngati kapolo. Kusukulu Precious amakhala kumbuyo kwenikweni. Wafika makalasi apamwamba koma satha kuwerenga, moti mphunzitsi akati tsegulani tsamba lakuti, iye masamba onse amaoneka ofanana. Kuti anzake asadziwe, amakhala wolusa, wapakamwa. Aliyense womuona amati mwanayu ndi wamwano. Sukulu itazindikira kuti ali ndi pakati, inamuchotsa.

Apa tiime pang'ono. Mtsikanayu anadutsa m'manja mwa akuluakulu ambiri. Aphunzitsi anamukweza kalasi ndi kalasi osaona kuti sawerenga. Kuchipatala, pobereka mwana woyamba uja, ananena yekha kuti mwini mimba ndani, koma anabwerera m'nyumba yomweyo. Onsewa sanali anthu oipa mtima kwenikweni. Aliyense anaona kachidutswa kake n'kuganiza kuti zotsalazo ndi za wina.

Zinasintha pamene anatumizidwa ku kasukulu ka omwe anatsalira m'mbuyo, kotchedwa Each One Teach One. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wamkazi, Blue Rain. Zimene mphunzitsiyu anachita n'zimene tabwerera lero, ndipo muona kuti palibe chamatsenga.

Choyamba, anayambira pamene mwanayo anali. Mtsikana wa zaka 16, wa mwana mmodzi komanso woyembekezera wachiwiri, kuyamba a, b, c, popanda womuseka. Precious kwa nthawi yoyamba anakhala pampando wakutsogolo.

Chachiwiri, anapatsa aliyense kope loti azilembamo tsiku lililonse zimene zili mumtima mwake. Poyamba Precious ankangolemba tizilembo tosamveka. Mphunzitsi ankalemba mawu olondola m'munsi mwake, kenako n'kumuyankha, ngati anthu akulemberana makalata. Ndi m'kope limeneli mmene zinthu zimene pakamwa pankalephera zinayamba kutuluka. Ukamawerenga bukuli umaona ndi maso kusinthako, chifukwa kalembedwe ka Precious kamanka kawongoka. Dzina la bukuli ndi mawu aja azamba amakuwa kuchipinda chochilira, oti tchimani. Precious anawamva koyamba akubereka pansi m'khitchini ali ndi zaka 12. Anadzawamvanso kwa mphunzitsi wake, pomulimbikitsa kuti atulutse mawu papepala.

Chachitatu, ndipo ichi chigwireni bwino, Blue Rain sanamusunge Precious ngati wakewake. Mwana wachiwiri atabadwa, mayi ake anamuukira, iye n'kuthawa ndi khanda osadziwa kogona. Mphunzitsiyu anaimba mafoni mpaka anamupezera nyumba yosungirako amayi ovutika. Anzake a m'kalasi, Rita, Rhonda, Jermaine, anasanduka abale ake. Precious anayamba kupita kumagulu a amayi amene anakumana ndi zofanana ndi zake. Mphunzitsi ankaonjezera anthu m'moyo wa mwanayo.

Bukuli silikutha ndi ukwati kapena galimoto ayi. Precious akumva kuti bambo ake amwalira ndi Edzi, akukayezetsa, akupezeka ndi kachilombo, m'zaka zimene mankhwala amene tili nawo lero kunalibe. Wa zachisamaliro cha anthu akulemba m'failo yake kuti mtsikanayu angopita kukagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba. Koma tsopano pali chimene chasintha. Precious akutenga failoyo n'kudziwa zimene ena alemba zokhudza iye, ndipo akukana. Mphunzitsi sanafufute zimene zinamuchitikira. Anamupatsa chida choti adzilankhulire yekha.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa wina anganene kuti izi ndi za ku America. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno, 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo kumidzi chiwerengero chinali chokwera kuposa m'tauni. Mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, 42 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mu Marichi 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kalembera wa boma anapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi ana pafupifupi 13,000 atalowa m'banja, m'miyezi yochepa chabe. Miyezi imeneyo inationetsa ntchito ya aphunzitsi imene sitimaiwerengera. Kungoti m'mawa uliwonse pali munthu woitana dzina la mwana m'kaundula, ndi chitetezo kale.

Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Mtsikana wasankhidwa kusukulu yoyendera yomwe ili kutali ndi kwawo. Makolo amupezera kachipinda pa thiredingi, akhale ndi anzake awiri, adziphikire. Pofika sabata yachitatu ufa watha, sopo watha, mapadi alibe. Nthawi yomweyo fodya, soya ndi mtedza zagulitsidwa, ndalama zikuyenda pamsika, ndipo achidyamakanda akudziwa bwino zitseko zimene kuli njala. Mtsikana uja wayamba kujomba, akabwera akusinza, akafunsidwa akuyankha mwamwano. Ife timati wayamba kumva mwake. Chibalo, akumbe dzenje, akatchetche. Komatu mwana yemweyu tsiku lililonse amaona phiri la Bunda, amaona asisi a ku LUANAR akutsika minibasi ndi zikwama zawo za laputopu. Yunivesite ili pakhomo pake penipeni, koma kwa iye ili kutali kuposa Joni.

Chitseko chobwerera chilipo papepala. Kuyambira mu 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwerera akachira, ndipo inaunikidwanso mu 2018. Amene simunadziwe, dziwani lero, n'kukauza ena. Koma pepala silimuperekeza mwana m'kalasi. Tsiku loyamba kubwerera, anyamata akuyamba kumuitana kuti make mwana, mkaka wadontha pa yunifomu, kalasi yonse yaphulika. Chimene chidzachitike mphindi imeneyo chili m'manja mwa munthu amene waima kutsogolo ndi choko. Akaseka nawo, kapena akamusandutsa chitsanzo, kuti enanu mukapanda kumva mudzakhala ngati uyu, mwanayo mawa sabweranso. Akaletsa phokosolo n'kupitiriza phunziro ngati palibe chachilendo, wamupulumutsa.

Amadamu ndi asala, sitinabwere kudzakuimbani mlandu. Blue Rain anali ndi ophunzira osakwana 10. Inu kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, malipiro ndi omwe mukuwadziwawo, nyumba za aphunzitsi n'zosakwana. Sitingakuuzeni kuti muyankhe makope 100 usiku uliwonse. Koma pali zina zosalira ndalama. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, tumani uthenga kwa amayi a mother group asanathe sabata. Mwana amene anali wochangamuka akangozizira mwadzidzidzi, kapena wofatsa akayamba ukali, musanamupatse khasu mufunseni pambali kuti kunyumba kuli bwanji. Mwina sayankha tsiku loyamba. Muuzeni kuti akhoza kulemba. Ndipo akakuuzani chinthu cholemera, musachisenze nokha, komanso chisakafike ku sitafu rumu ngati nkhani yomwera tiyi.

Tsopano mbali yowawa. Mphamvu yomweyi imene mphunzitsi amadzutsira mwana, ndi yomwe wina amamugwetsera. Tonse m'chipinda chino tinamvapo, ena tinaziona, za mphunzitsi amene amasankha dala mwana wovutika. Amayamba bwinobwino. Kumulipirira mayeso, kumugulira kope, kumuuza kuti ndiwe wanzeru kuposa anzako. Kenako bwera kunyumba udzatenge buku. Kenako udzanditungireko madzi. Kenako mayunitsi, ndi mameseji a 10 koloko usiku. Mwana amene sanayamikiridwepo ndi munthu wamkulu angasiyanitse bwanji?

Atsikana, muyeso wake tautenga m'buku lomweli. Mphunzitsi wokufunira zabwino amakuonjezera anthu. Amafuna makolo ako adziwe kuti akukuthandiza, amakutumiza kwa amadamu, amakuphunzitsira poyera, chitseko chili chotsegula. Wofuna kukudya amakuchotsera anthu. Amati anzakowa ndi ansanje, amayi ako sangamvetse, izi zikhale za awirife. Mukangomva mawu oti usauze munthu, dziwani kuti chithandizo chatha, yayamba ndi nyambo.

Ndipo malamulo ali mbali yanu. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mu 2023 lamulo la milandu linasinthidwanso, moti munthu wamkulu wogonana ndi mwana wosakwana zaka 18 wapalamula mlandu waukulu, kaya mwanayo akuti anavomera. Lamulo la 2013 loona kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsanso kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere. Choncho nkhani yotere si yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi. Si yothetsa pomusamutsa mphunzitsi kuti akayambirenso kusukulu ina kumene sakumudziwa. Ndi ya kupolisi, ku Victim Support Unit.

Lembani izi m'mafoni mwanu. Nambala ya 116 ndi yaulere, ya nkhani za ana. Ya 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Wina akagwiriridwa, athamange kuchipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV ndi oletsa mimba mwadzidzidzi. Chipatala cha Mitundu chili pompano, ndipo ku Kamuzu Central kuli One Stop Centre. Amene wapezeka kale ndi kachilombo, nkhani yake si ya Precious wa 1987. Ma ARV m'zipatala za boma ndi aulere kuyambira mu 2004, ndipo alipo asisi ambiri amene akumwa, anamaliza sukulu, akugwira ntchito.

Tisanamalize, mawu awiri kwa ife a m'tauni, ife a ku Kawale, Biwi, Area 25, Area 36, Chinsapo, amene timawerenga izi pa foni tili pa lanchi. N'kosavuta kukwiyira mayi ake a Precious. Koma mtsikana uja akutilerera mwana kunyumba, tinachita kuitanitsa kumudzi kuti tipezereni kamtsikana kofatsa, ali ndi zaka zingati? Anasiyira kalasi yanji? Tinamufunsapo chimene chinamusiyitsa? Ambiri mwa atsikana amenewa amachokera m'midzi ngati yozungulira Mitundu ndi Nathenje yomweyi. Ife timapita kukaphunzira za ufulu wa amayi ku hotela, iye akutsuka matewera, mabuku a ana athu akungowapukuta fumbi osatha kuwawerenga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa maukwati ndi pamaliro. Ngati ali wosakwana zaka 18, malo ake ndi m'kalasi. Ngati ndi wamkulu koma akufuna kubwerera, sukulu za masana zija timati open zilipo, ndipo maola ochepa amenewo nyumba siigwa.

Sitonse tingakhale aphunzitsi a choko. Koma dzina la kasukulu ka m'buku lija likutanthauza kuti aliyense aphunzitse mmodzi. Ambiri a ife tili pano chifukwa munthu wina, nthawi zambiri madamu ena a sitandade 7 kapena folomu 2 amene lero mwina akukhala movutika ndi penshoni, anatiitana pambali tsiku lina n'kutifunsa chimene chikutivuta. Ena anatisunga m'nyumba zawo nthawi ya mayeso. Ena anapita okha kukakangana ndi amalume athu amene anali atalandira kale ndalama za munthu. Ngati muli ndi madamu otero, aimbireni foni sabata ino. Amafunika kumva kuti zinaphula kanthu.

Ntchito yopita nayo kunyumba ndi iyi. Aliyense aganize za mtsikana mmodzi amene anasowa m'kalasi mwake, kaya chaka chino, kaya zaka zisanu zapitazo. Mmodzi yekha. Mufufuze kumene ali. Musapite ndi ulaliki, wamva wokwanira. Mumufunse ngati akufuna kubwerera, ndipo akati eya, mumuperekeze kwa mphunzitsi wamkulu, chifukwa ulendo wochoka pageti kufika pa ofesi ndi umene ambiri amaulephera okha. Akati ayi, musamutaye, mudzamufunsenso teremu ya mawa. Amayi a mother group amene ali nafe pano akudziwa midzi yonse, ndipo akuthandizani poyambira.

Pakhomo paja pali makope. Aliyense atenge awiri, limodzi lake, linalo la mtsikana ameneyo. Tikadzakumananso tidzamve kuti zinayenda bwanji, ndipo amene angafune adzatiwerengere zimene walemba.